Zondani Malo Musanakumbe Maziko

 Moni inu a ku Chileka, a ku Lunzu, a ku Lirangwe, mpaka ku Mdeka ndi ku Zalewa. Amayi amene mukutimvera muli pamoto, abambo amene mwangoweruka kumene, agogo athu, ndi inu achinyamata amene khutu lili kuwailesi koma maso ali pafoni, takulandirani nonse ku pulogalamu yathu ya maphunziro.

Lero tikambirana za gemu. Inde, gemu ya pakompyuta ndi pafoni. Makolo, musafulumire kutseka wailesi, chifukwa funso limene gemu imeneyi imamufunsa mwana wanu ndi lomwelo limene agogo a agogo athu anakumana nalo atafika m'dera lino, ndi lomwelonso limene mukulimbana nalo inu amene mukusunga ndalama zogulira puloti. Funso lake ndi lakuti, timange pati?

Mfundo yathu lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti tipite nayo kunyumba. Malo amene mwasankha tsiku loyamba adzakudyetsani zaka zonse, apo ayi adzakulipiritsani zaka zonse. N'chifukwa chake timazonda malo tisanakumbe maziko.

Tiyenda motere. Poyamba ndikufotokozerani mmene gemuyi imaseweredwera. Kenako tiona zimene zinachitikadi kuno kwathu anthu posankha malo. Pomaliza tifika pa puloti yanu ndi munda wanu.

Tiyambe ndi gemuyo. Dzina lake ndi Civilization. Inatuluka koyamba mu 1991, ndipo amene anaipanga ndi Sid Meier, katswiri wa magemu wa ku America. Kuchokera nthawi imeneyo yakhala ikukonzedwanso, moti ya nambala 6 inatuluka mu 2016, ya nambala 7 mu 2025. Palinso ina yaulere yotchedwa Unciv, yotengera kaseweredwe komweko, imene imalowa ngakhale mufoni yotchipa ya Android, ndipo mukaitsitsa kamodzi mutha kusewera opanda bandulo.

Gemu imeneyi si yothamangitsana kapena kuwomberana mwaphuma. Ndi yosinthana, monga mmene timachitira pa bawo. Iwe umasuntha zako, ukatha umayembekeza mnzako kuti asunthe zake. Palibe wokufulumizitsa. Utha kukhala chete, kuwerenga, kuyeza, chifukwa wodziwa bawo amadziwa kuti nkhomo imodzi yoponyedwa molakwa kumayambiriro imadzakugonjetsa kumapeto.

Mu Civilization ya nambala 6, wosewera amasankha mtsogoleri wa mtundu wina wa anthu. Mwa atsogoleriwo muli a mu Africa muno, monga Shaka wa Azulu, Mansa Musa wa ku Mali, ndi Menelik wachiwiri wa ku Ethiopia. Nkhani imayamba kalekale, zaka 4000 Yesu asanabadwe. Umapatsidwa zinthu ziwiri zokha: kagulu ka anthu onyamula katundu ofuna pomanga mudzi, ndi msilikali mmodzi wa chibonga m'manja. Mapu onse amakhala ophimbidwa. Umangoona pamene waima ndi masitepe ochepa kuzungulira. Mwina kumanzere kukuoneka mtsinje, kumanja phiri, kutsogolo nkhalango. Kuseri kwa phirilo sukudziwa ngati kuli nyanja, chipululu kapena adani.

Apa ndiye pagona nkhani. Ukamanga pomwepo ulendo woyamba, mudzi wako umayamba kukula msanga, koma mwina masitepe awiri okha kutsogolo kunali malo abwino koposa. Ukati uyendeyende kufuna malo opanda chilema, anzako amakhala akumanga, akulima, akuphunzira kusula zitsulo, iwe katundu akadali pamutu. Odziwa gemuyi amachita chonchi: amayamba asuntha msilikali uja, kumukweza paphiri kuti aone patali, kenako n'kusankha. Akafuna kusuntha anthu awo, amasuntha ulendo umodzi kapena iwiri basi, n'kumanga. Amayang'ana kaye, koma sazengereza.

Nanga amayang'ana chiyani? Pali zinthu zinayi, ndipo ndizitchula pang'onopang'ono.

Choyamba ndi madzi. Mu gemuyi mudzi wa m'mbali mwa mtsinje kapena nyanja ya madzi abwino umatha kusunga anthu ambiri. Mudzi wopanda madzi umakula pang'ono n'kuima, mpaka mwini wake awononge chuma chambiri kumanga ngalande yokokera madzi kuchokera kutali.

Chachiwiri ndi chakudya ndi zomangira. Chigwa chimapereka chakudya, phiri ndi nkhalango zimapereka miyala ndi mitengo. Mudzi wa chakudya chokhachokha umadzaza anthu koma sumanga kanthu. Mudzi wa miyala yokhayokha umakhala ndi zomangira koma wopanda omanga. Malo abwino ndi pamene ziwirizi zakumana.

Chachitatu ndi chitetezo. M'tchire la gemuyi muli misasa ya achifwamba. Mzondi wawo akaona mudzi wako amathamanga kukauza anzake, ndipo posakhalitsa gulu lonse limatulukira. Mudzi wa paphiri, kapena wa kutsidya la mtsinje, suvuta kuuteteza.

Chachinayi ndi anansi. Ukamanga mudzi pakhomo penipeni pa mfumu ina, mfumuyo imakutumizira mawu akuti usiye kumanga pafupi nayo. Ukanyalanyaza, chidani chimayamba, ndipo nthawi zina anthu a m'mudzi wakowo amakuukira n'kupita kwa mnzakoyo.

Ndibwereze: madzi, chakudya ndi zomangira, chitetezo, ndi anansi. Ndipo zonsezi sungazidziwe utakhala pansi. N'chifukwa chake mudzi woyamba ukangomangidwa, osewera ambiri amayamba atulutsa mzondi, munthu wa miyendo yopepuka amene ntchito yake ndi kuyenda, kuona, ndi kutsegula mapu. Mzondi samanga nyumba, salima, koma ndi amene amakuuza kumene mudzi wachiwiri ndi wachitatu udzakhale.

Tsopano tiike foni pansi, tilowe m'gawo lachiwiri. Tione mmene zinthu zinayi zimenezi zinaonekera m'mbiri ya dziko lathu.

Mu October 1875, amishoni a ku Scotland anafika pa nyanja ya Malawi ndi sitima yawo yotchedwa Ilala. Pakati pawo panali Dokotala Robert Laws. Anafika ku Cape Maclear, n'kuona gombe lokongola, mchenga woyera, ndi dooko labata lokocheza sitima. Anamanga pomwepo, n'kutcha malowo Livingstonia. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malungo anawagwira, ena anamwalira, ndipo manda awo alipobe mpaka lero. Nthaka yolima inali yochepa, anthu oti awaphunzitse analinso ochepa. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Nakonso malungo sanawasiye, mpaka mu 1894 anakwera phiri ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia imene tikuidziwa lero. Taonani, omvera, zaka pafupifupi makumi awiri, kusamuka kawiri, ndi miyoyo ya anthu. Anaona madzi ndi dooko, koma sanafunse mokwanira za zina zija.

Pagulu lomwelo panali munthu wina dzina lake Henry Henderson, amene anatumidwa ndi mpingo wina wa ku Scotland ngati mzondi, kuti akapeze malo a mishoni yawo. Anayendera m'mbali mwa nyanja koma sanakhutire. Kenako anakwera kumapiri kuno, ndipo sanayende yekha. Anayenda ndi Tom Bokwito, mwana wa dziko lino amene anapulumutsidwa ku ukapolo, wodziwa chilankhulo ndi anthu ake. Iwo anapeza malo pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni. Kunali kozizira, kunali timitsinje, kunali anthu, ndipo mfumu inavomera. Mu October 1876 mishoni inakhazikika, n'kutchedwa Blantyre potengera mudzi umene David Livingstone anabadwira. Iyo sinasamukenso.

Ndikufuna mumve bwino dzina la Tom Bokwito. Mabuku ambiri amakweza mlendo amene anabwera ndi sitima, koma mlendo sadziwa chitsime chimene chimaphwa mu October, sadziwa mfumu yoyenera kuigwadira. Maso a Henderson akanaona phiri lokha. Makutu ndi pakamwa pa Bokwito ndi zimene zinatsegula njira. Safunsa anadya phula, ndipo kuzonda malo kwenikweni ndi kufunsa amene anakhalapo kale.

Nanga eni dziko ankasankha bwanji? Nthawi ya mtendere, Amang'anja ankamanga kufupi ndi madambo ndi mitsinje, kumene akanatha kulima dimba chilimwe, kulima thonje ndi kusula makasu. Nthawi ya nkhondo ndi malonda a akapolo, chitetezo chinaposa zonse. Angoni a Chikuse atawoloka Shire mu 1884, anthu ambiri a dera lino anathawira m'mapiri. Anadziwa kuti madzi akhala otunga kutali, munda ukhala wa miyala, koma moyo unali patsogolo. Mtendere utabwerera, anatsikanso. Apa tikuphunzirapo kuti malo abwino amadalira nyengo imene mulimo. Chimene chinali nzeru chaka cha nkhondo chitha kukhala mtolo chaka cha mtendere.

Tsopano tibwere kwa inu a ku Lirangwe. Munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake msewu, njanji ndi msika zinakumana kwanuko? Yankho lili mu mtsinje wa Shire. Kuchokera ku Matope kukafika ku Kapichira, Shire amatsika ndi mathithi, ndipo sitima singadutse. Choncho katundu wochokera kunyanja ya mchere ankatsitsidwa ku Chikwawa, amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye ku Blantyre, kumene kampani ya Mandala inali ndi sitolo zake. Kuchoka apo ankatsika naye ku Matope kuti akakwerenso sitima ya kunyanja ya Malawi. Njira ya ku Matope imeneyo inkadutsa m'dera lanu lino. Kenako njanji yopita ku Salima, imene inatha kumangidwa mu 1935, inadutsanso pa Lirangwe. Lero msewu waukulu wa ku Lilongwe ukudutsa pomwepo, ndipo wopita ku Chingale umapatukira pomwepo. Mudzi wa panjira umadya za apaulendo. Mu gemu muja osewera amalimbirana malo otere, mpata wa pakati pa mapiri kapena pokocheza, chifukwa amadziwa kuti aliyense adzadutsa pomwepo.

Inu a ku Chileka, nkhani yanu ndi ya chigwa ndi madzi. Bwalo la ndege silikanatheka pakati pa zitunda za m'tauni. Linafuna malo athyathyathya, ndipo linawapeza kwanuko, kuseri kwa Michiru. Koma pali china chachikulu chimene chimadutsa pansi pa nthaka yanu. Malo amene Henderson ndi Bokwito anasankha anali ndi madzi okwanira mishoni ndi midzi yochepa. Palibe amene ankaganiza za mzinda wa anthu mazana a zikwi. Mzinda utakula, timitsinje ndi damu la Mudi zinachepa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry. Amapopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wautali, n'kufika pa malo opopera a ku Chileka, kumene amakankhidwanso kuti akwere mpaka m'tauni. Madzi sakonda kukwera phiri. Kuti akwere pamafunika magetsi usana ndi usiku, ndipo mtengo wa magetsiwo umalowa mu bilu ya madzi ya banja lililonse.

Mwaiona ngalande ija ya mu gemu? Ndi imeneyi. Sitikunena kuti amene anasankha malowo analakwa. Kuzizira kwa kumapiri kunapulumutsa anthu ambiri ku malungo. Koma chisankho chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo wolipira nthawi zambiri amakhala mdzukulu. Malo amene mwasankha tsiku loyamba adzakudyetsani zaka zonse, apo ayi adzakulipiritsani zaka zonse.

Tisanalowe gawo lomaliza, ndili ndi mawu kwa inu achinyamata, chifukwa pali pamene gemuyi imasiyana ndi choonadi, ndipo ndikufuna mudziwe. Mu gemu, dziko limaoneka ngati lopanda mwini. Mzondi wako akapeza kamudzi ka anthu m'tchire, anthuwo amakupatsa mphatso, kamudziko n'kuzimiririka pamapu, iwe n'kumanga pamene wafuna. Kuno sizinali choncho. Pamalo aliwonse panali eni ake, manda awo ndi minda yawo. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890, boma la atsamunda motsogozedwa ndi Harry Johnston linapereka zikalata za umwini kwa azungu pa malo aakulu a kumapiri kuno. Anthu anapezeka ali alendo pamalo pamene anabadwira, akugwira thangata kuti aloledwe kukhala. Ululu umenewu ndi umodzi mwa zimene zinadzutsa Mbusa John Chilembwe mu January 1915. Choncho mukamasewera, sangalalani, phunzirani kuwerenga mapu, koma muzidzifunsa kuti, kodi anthu a m'kamudzi kaja apita kuti? Mwana amene amafunsa funso limenelo sadzalanda malo a mnzake.

Tafika m'gawo lachitatu, la puloti yanu ndi munda wanu. Masiku ano anthu ambiri a m'tauni akugula malo ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Njerwa zikuwotchedwa paliponse. Kukhala ndi pako n'chinthu chabwino. Koma tiyeni titenge zinthu zinayi zija, tiziyeze pano.

Madzi. Ambiri amakaona puloti mu August kapena September, udzu utapsa, nthaka ili gwa, paliponse pakuoneka poyera. Mukapitenso mu February, mvula itagwa usiku wonse. Mukaime pamalopo m'mawa, muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akulowera. Yang'anani mitengo ya m'mbali mwa khwawa. Mukaona zinyalala, mapesi ndi mapepala apulasitiki zitakodwa m'nthambi pamwamba pa mutu wanu, dziwani kuti madzi anafika pamenepo, ndipo adzafikanso. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana. Mzere wa matope m'munsi mwa zenera ndi mboni yosanama. Mukatero mupite pa mjigo wapafupi, mulawe madzi ake ngati si amchere, ndipo mufunse amayi amene ali pamzere ngati mjigowo umatulutsa madzi mu October. Iwowo ndi amene amadziwa, kuposa wogulitsa malo.

Chakudya ndi zomangira, zimene pa puloti zimayambira pa nthaka. Tolani dothi, mulinyowetse, mulifinye m'manja. Dothi lakuda lamakande, limene limang'ambika ming'alu chilimwe n'kufufuma dzinja, ndi labwino ku mbewu zina koma limang'amba makoma. Mukamangapo, maziko ake amafuna simenti ndi zitsulo zambiri. Puloti yotchipa itha kukhala nyumba yodula.

Chitetezo. Achifwamba a masiku ano si anthu okha. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo tinataya abale athu ambiri. Sitikuwaweruza, chifukwa ambiri anamanga pamenepo posowa kwina kopita. Koma tikawalemekeza ndi kuphunzirapo. Madzi saiwala khwawa. Malo otsetsereka a m'munsi mwa phiri lodulidwa mitengo, ndi malo a m'mphepete mwa Likhubula, Lunzu kapena Lirangwe amene mtsinje unadutsapo kale, ndi malo oti muganize kawiri. Ngakhale mu gemu ija, opanga ake anadzawonjezera kusefukira kwa mitsinje: chigwa chimakupatsa nthaka yachonde, koma chaka china chimakukokolera zonse.

Anansi. Musapereke ndalama musanaonane ndi a mfumu a m'mudzimo, ndi banja lonse la wogulitsayo, makamaka eni mbumba ndi amalume. Malo ambiri kuno ndi a banja, si a munthu mmodzi. Yendani m'malire onse ndi mboni, anansi a mbali zonse alipo, ndipo zonse zilembedwe. Mufikenso ku ofesi yoona za malo ku khonsolo ya boma kuti mudziwe ngati malowo sanaikidwe kuti padzadutsa msewu, mawaya a magetsi kapena mapaipi a madzi. Milandu yambiri ya malo imene ikudya nthawi ya mafumu athu ikanapeweka ndi tsiku limodzi lofunsa.

Koma musaiwale mbali inayo ya phunziro. Wosewera amene amangoyendayenda kufuna malo opanda chilema amagonja asanayambe. Malo otero kulibe. Pafupi ndi msewu pali phokoso, pafupi ndi mtsinje pali udzudzu, paphiri pali ntchito yotunga madzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Chofunika ndi kudziwa chilema cha malo anu musanalipire, n'kuona ngati mungathe kuchisenza. Mukadziwa, sankhani, mangani, dzalani mitengo.

Makolo, mwana wanu akamasewera gemu yotereyi, mukhale naye pansi tsiku lina. Mumufunse chifukwa chake wamanga mudzi wake pamenepo. Mudzadabwa kumva akukamba za mtsinje, phiri ndi adani. Mumuikire nthawi, homuweki ndi ntchito zapakhomo zikhale patsogolo, koma nzeru yoganiza asanasunthe musaiphe. Ndipo mukamapita kukaona malo, mumutenge. Inunso achinyamata, nzeru imene mukuigwiritsa ntchito pafoni muitulutse panja.

Ndikusiyirani ntchito ya sabata ino. Pitani kwa munthu wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu, mumufunse mafunso atatu. Mudzi uno unayambira pati? N'chifukwa chiyani anasankha pano? Nanga ndi malo ati amene makolo ankakana kumangapo, ndipo ankati chifukwa chiyani? Mayankhowo muwalembe m'kope, chifukwa mapu amenewo sapezeka pa intaneti, ndipo agogo akapita amapita nawo. Kenako mudzifunse nokha: pamene ndikufuna kumanga ine, adzukulu anga adzadya chiyani, ndipo adzalipira chiyani?

Nthawi yathu yathera pamenepa.  Zondani malo musanakumbe maziko, funsani amene anakhalapo kale, ndipo mukadziwa musazengereze. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.